Sikelo ya manambala yoyezera nsomba ku Shire: kasankhidwe kake ndi mmene mungaiyesere musanalipire

Chiyambireni kunyamula kasikelo kanga popita kukawedza, sipatha sabata osafunsidwa za iko. Wina amandiimitsa pa doko, wina pamsika wa Nchalo, wina amaimba foni usiku ali kale m'sitolo ku Limbe: "Achimwene, ndagwira masikelo awiri m'manja, nditenge iti?" Ndakhala ndikuyankha pang'onopang'ono, munthu aliyense kachidutswa kake, ndipo ena agula zolakwika chifukwa ndinawayankha mothamanga. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, zonse pamodzi.

Ndikunena za sikelo ya m'manja yopachika, ya batire, yoonetsa manambala pa kagalasi, yokhala ndi ngowe kumunsi kwake. Ndikulembera inu amene mumawedza ndi mbedza kuno kuchigwa, kuyambira m'munsi mwa mathithi a Kapichira, kudutsa pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, m'dambo la Elephant Marsh, ku Chiromo, mpaka ku Nsanje. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu owedza m'maiko ozizira, ataima pa boti lotakata. Ife timawedza mu bwato logwedezeka, dzuwa la Okutobala likuwotcha kupitirira madigiri 40, ng'ona zili pafupi. Sikelo yoyenera kwathu iyenera kusankhidwa poganizira zimenezi.

1. Yambani ndi nsomba zimene mumapha, sikelo ibwere pambuyo

Mathithi a Kapichira amagawa mtsinje wa Shire pawiri. Nsomba za kumunsi kwake ndi za mtundu wa ku Zambezi, n'chifukwa chake kuno kuli mcheni wa mano aja, umene sumapezeka ku Liwonde kapena ku Mangochi. Anzathu a kunyanja akamva "mcheni" amaganiza za nsomba ina yowonda ya m'nyanja ya Malawi. Mcheni wa kuno ndi umene azungu amautcha tigerfish, wa mizere yakuda m'mbali ndi chipsepse chofiirira kumchira. Kuno kulinso mlamba, vundu, nkhonokono, njole, dowe, ndi mphende pamodzi ndi ana ake, makakana.

Nsomba zimenezi zimasiyana kwambiri kulemera. Mphende zambiri zimene timakola sizifika kilogalamu imodzi. Mcheni wa makilogalamu atatu kapena anayi ndi wosimba kale kunyumba. Waukulu kwambiri umene unalembedwa m'buku la dziko lonse lapansi la owedza ndi mbedza unaphedwa ku nyanja ya Kariba mu 2001 ndipo unalemera makilogalamu 16 ndi pang'ono. Vundu ndiye chimphona, amatha kupitirira makilogalamu 50. Tsono dzifunseni moona mtima: pa nsomba khumi zimene ndimabwera nazo, zisanu ndi zinayi zimakhala za msinkhu wanji? Sikelo muigulire zisanu ndi zinayi zimenezo. Anthu ambiri amagulira nsomba ya m'maloto, ija adzaiphe tsiku lina, kenako chaka chonse amayezera makakana pa sikelo yopangidwira matumba a chimanga.

2. Werengani manambala awiri olembedwa pa sikeloyo

Pa sikelo iliyonse yabwino pamalembedwa manambala awiri, kutsogolo kapena kumbuyo. Yoyamba imakhala ndi mawu akuti Max, kutanthauza malire a katundu amene ingathe kunyamula. Yachiwiri imakhala ndi chilembo d, ndipo imasonyeza mmene manambala amalumphira. Mukaona d = 10 g, ndiye kuti sikeloyo imawerenga 1.20, 1.21, 1.22, kudumpha magalamu khumikhumi. Mukaona d = 100 g, mphende ya magalamu 430 idzaoneka ngati 400, ndipo ya 460 ngati 500. Masikelo ena oyezera masutikesi pa bwalo la ndege ndi otere; kwa woyenda ulendo ndi abwino, kwa msodzi wa mphende alibe ntchito.

Kwa ambiri a ife, sikelo ya malire a makilogalamu 20 kapena 25 yodumpha magalamu 10 ndi yokwanira. Ngati mumagona pamtsinje kusaka milamba ikuluikulu ndi vundu, tengani ya makilogalamu 50. Musatenge sikelo imene malire ake ali pafupi kwambiri ndi nsomba zimene mumayembekezera. M'kati mwa sikelo muli kachitsulo kakang'ono kamene kamapindika pang'ono, mosaoneka ndi maso, katundu akakokera pansi, ndipo timawaya tomatidwa pa kachitsuloko ndi timene timasandutsa kupindikako kukhala nambala. Nsomba ikaphiriphitha, imakoka mwamphamvu kuposa kulemera kwake. Mlamba wa makilogalamu 9 pa sikelo ya makilogalamu 10 ungathe kupinditsa kachitsuloko mosabwereranso, ndipo kuyambira tsiku limenelo sikelo idzayakabe bwinobwino, idzaonetsabe manambala, koma abodza.

Chinthu chimodzi muchigwire bwino apa, chifukwa chidzabweranso m'munsimu. Nambala ya d ikungokuuzani mmene sikelo imawerengera. Sikulonjeza kuti ikuwerenga zoona. Sikelo ingathe kuonetsa 3.47 mokongola nsomba ili ya 3.20.

3. Madzi, dzuwa ndi dzimbiri

Sikelo yanga yoyamba inafera m'dambo la Elephant Marsh. Sinagwere m'mtsinje ayi. Ndinangoisiya pansi mu bwato, ndipo inu mukudziwa kuti pansi pa bwato lathu sipauma. Pofika madzulo kagalasi kanali ndi nthunzi m'kati, m'mawa mwake sinayakenso. Wogulitsa uja anali atanditsimikizira kuti silowa madzi, koma pa katoni panalibe chilichonse cholembedwa chochitira umboni mawu akewo, ndipo ine sindinayang'ane.

Yang'anani zilembo za IP. IPX4 ndi sikelo yopirira madzi owazika ndi mvula, koma osati kumizidwa. IPX7 kapena IP67 ndi yopirira kumizidwa mita imodzi kwa mphindi 30. Ngati palibe zilembo zimenezi, iwerengereni kuti imalowa madzi, ngakhale wogulitsa alumbire motani. Ya IPX7 imakwera mtengo ndipo siipezeka paliponse. Amene ali ndi abale ku Johannesburg amaitanitsa za makampani odziwika ndi zida zowedzera monga Rapala ndi Berkley, ngakhale kuti nazonso si zonse zopirira kumizidwa. Ngati thumba silikulola, gulani wamba ndipo muzisunga m'botolo lapulasitiki la kukamwa kwakukulu lotseka bwino, kuitulutsa pokhapokha nsomba yakonzeka kuyezedwa. Tsegulani kachitseko ka mabatire muone ngati kali ndi kamphira kuzungulira. Madzi ambiri amalowera pamenepo.

Dzuwa la kuchigwa ndi mdani wachiwiri. Masikelo ambiri anapangidwa kuti azigwira bwino ntchito mpaka madigiri 40 basi, ndipo chinthu chakuda chosiyidwa pa dzuwa masana ku Ngabu kapena ku Bangula chimatentha kuposa pamenepo. Kagalasi kamada bii, manambala osaoneka, ndipo kachitsulo ka m'kati kakatentha, muyezo umasuntha. Sankhani sikelo ya mtundu wowala ngati ilipo, ndipo izikhala pamthunzi, yokulungidwa m'nsalu.

Ngowe ikhale yachitsulo chosachita dzimbiri, yonenepa, ndipo muone polumikizira pake. Ena amaika ngowe yabwino koma kamphete kolumikizira kali kopyapyala ngati ka makiyi. Kamenekako ndi kamene kadzatseguke nsomba yanu yaikulu ili lende. Chogwirira chikhale chokwana zala zinayi, kapena chokhala ndi mphete yoti mungalowetsemo mtengo.

4. Mabatire

Tengani yogwiritsa ntchito mabatire a AAA kapena AA, chifukwa mudzawapeza pa golosale iliyonse kuyambira Dyeratu mpaka Nsanje boma. Ya kabatire kobulungira ka CR2032 ndi yopepuka, koma kabatireko kakatha muli ku Makhanga mudzakasowa. Yotchaja pa USB ndi yabwino ngati kunyumba muli ndi sola. Ingoonetsetsani kuti potchajira pali kotsekera, chifukwa ndi khomo linanso la madzi. Ngati mumawedza milamba usiku, kagalasi kakhale koyaka.

5. Mabatani atatu amene muyenera kuwadziwa

TARE, pena amalemba ZERO. Batani ili limabwezera sikelo pa ziro ngakhale pa ngowe pali kanthu. Mumapachika thumba lopanda nsomba, mumadina, ndipo sikelo imaiwala kulemera kwa thumbalo. Sikelo yopanda batani limeneli isiyeni pa shelefu.

UNIT. Ili limasintha muyezo, ndipo ndi limene ladanitsa anthu ambiri pa doko. Masikelo ambiri ochokera ku China ali ndi miyezo inayi: kg, lb, oz ndi jin. Paundi imodzi, imene imalembedwa lb, ndi magalamu pafupifupi 454. Jin imodzi ndi theka la kilogalamu, magalamu 500. Choncho mcheni wa makilogalamu atatu udzaoneka ngati 6.61 pa lb, ndi 6.00 pa jin. Mnzanga wina anakhala sabata yathunthu akuuza anthu kuti wapha mcheni wa makilogalamu asanu ndi awiri. Sanali kunama, chala chinangokhudza batani m'thumba. Titaona chithunzi chake pa foni, pakona ya kagalasi panali lb. Munthuyo anachita manyazi kwambiri, ndipo sikelo sanainyamulenso. Chilembo chaching'onocho muzichiona nthawi iliyonse musanatchule nambala. Poyesa m'sitolo, ikani pa kg, zimitsani, yatsaninso, muone ngati ikukumbukira.

HOLD kapena LOCK. Ili limaumitsa nambala pa kagalasi kuti muthe kutsitsa nsomba n'kuwerenga bwino. Pali masikelo ena amene amaumitsa okha pakangotha masekondi awiri kapena atatu. Kwa sutikesi zili bwino. Koma nsomba yamoyo ikagwedezeka pa nthawi yomweyo, sikelo imagwira nambala ya kugwedezekako, yokwera kapena yotsika, n'kuimirira pomwepo. Funsani ngati kuumitsa kokhaku kungazimitsidwe. Pa masikelo ambiri kumazima mukadina TARE kwa kanthawi osachotsa chala, koma werengani kapepala ka m'katoni chifukwa amasiyana. Ine ndimakonda imene ndimaumitsa ndekha nsomba ikadekha.

6. Iyeseni musanalipire, ndipo mukafika kunyumba muiyesenso

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa ndi mzere umodzi, akuti "onetsetsani kuti sikelo ndi yolondola", osanena kuti muonetsetse bwanji. Ndikhalapo pang'ono, chifukwa zonse ndanena pamwambapa zilibe phindu ngati sikeloyo ikunama. Ndaonapo masikelo awiri a mtundu umodzi, ochokera m'katoni imodzi, akusiyana ndi magalamu oposa 200 pa katundu wa makilogalamu asanu. Dzina la kampani ndi mtengo wake sizikutsimikizirani kanthu za sikelo iyi imene ili m'manja mwanu.

Popita kukagula, nyamulani mapaketi atatu a shuga a kilogalamu imodzi imodzi, osatsegula, ndi jumbo yolimba. Shuga wathu wa ku Nchalo yemweyu. Paketi imatha kusiyana ndi magalamu ochepa, komanso pepala lake lili ndi kulemera kwake, koma ndi poyambira pabwino. Nyamulaninso mabatire anu atsopano. Wogulitsa mumuuze mwaulemu: "Bambo, ndigula ndithu, koma mundilole ndiyese kaye." Wogulitsa amene akukana kuti muyese, musakangane naye, ingopitani sitolo ina.

Choyamba, ziro. Yatsani sikelo ili lende, pa ngowe palibe kanthu. Ionetse 0.00 ndi kukhazikika. Ngati manambala akuyendayenda okha popanda mphepo, ibwezeni. Musaiyatse itagona pa kauntala kenako n'kuidzutsa, chifukwa imatenga ziro wake pa nthawi yoyatsa, ndipo ngowe ikakhala itagona sikoka mofanana ndi ikakhala lende.

Chachiwiri, katundu wodziwika. Pachikani jumbo, dinani TARE, ikani paketi imodzi. Kenako ziwiri, kenako zitatu. Muyembekezere manambala apafupi ndi 1.00, 2.00 ndi 3.00. Onaninso mmene kulakwa kukuyendera. Ngati ikuonetsa 1.01, 2.01, 3.02, ili bwino. Ngati ikuonetsa 1.04, 2.08, 3.12, ndiye kuti ikuwonjezera magalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, ndipo pa nsomba ya makilogalamu khumi idzanama ndi magalamu 400.

Chachitatu, kubwereza. Tsitsani katunduyo, pachikaninso, kasanu. Nambala ikhale imodzimodzi kapena isiyane ndi kudumpha kumodzi kokha. Kwa ine kuyesa uku ndi kofunika kuposa konse. Sikelo imene imawonjezera magalamu 50 nthawi zonse mungakhale nayo, chifukwa mukudziwa chochotsera. Koma imene ikuti 3.00 pano, 3.09 kachiwiri, 2.94 kachitatu, palibe chimene mungachite nayo.

Chachinayi, kubwerera pa ziro. Mukachotsa shuga yense, jumbo yokha itatsala, ionetsenso 0.00. Ikatsalira pa 0.03 kapena kupita kunsi kwa ziro, kachitsulo kake sikakubwerera bwino.

Zinayi izi zimatheka m'sitolo m'mphindi zisanu. Zotsalazi ndi za kunyumba, ndipo mugwirizane ndi wogulitsa kuti mungabweze mawa lake ikalephera. Risiti musaisiye.

Makilogalamu atatu sakuuzani mmene sikelo imachitira ikalemedwa. Pamafunika katundu wolemera, ndipo anthu ambiri amathamangira chigubu cha malita 20, poti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mfundoyo ndi yoona, koma samalani: chigubu chodzadza mpaka pakamwa chimalowa madzi oposa malita 20, ndipo botolo la malita awiri lodzadza mpaka pa chitsekerero nalonso limapitirira. Mukagwiritsa ntchito madzi, pachikani chigubu chopanda kanthu, dinani TARE, kenako thirani madzi oyezedwa ndi jagi ya mizere, lita imodzi imodzi. Masikelo ambiri amazima okha pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, choncho madziwo muwayezeretu mu ndowa kuti muthire msanga.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi kudzipangira miyala yanu yoyesera. Pezani zitsulo zakutha kapena miyala yolimba yosafumbutuka, umodzi wa kilogalamu ngati imodzi, wina ngati zisanu, wina ngati khumi. Sikofunika kuti ikhale yokwana ndendende. Pitani nayo pamalo pamene pali sikelo ya malonda yokhala ndi chizindikiro chatsopano cha Malawi Bureau of Standards, monga pa butchala kapena sitolo yaikulu, mupemphe akuyezereni. Lembani kulemera kwake ndi penti pa mwala womwewo. Miyala imeneyi ndi mboni zanu za zaka zambiri. Mchenga wa m'thumba musaudalire, umayamwa chinyezi nthawi ya dzinja n'kulemera, chilimwe n'kupepuka.

Palinso kuyesa kumene sikufuna katundu wodziwika konse. Yezani mwala umodzi, lembani. Yezani wina, lembani. Yezani yonse iwiri pamodzi. Nambala yachitatu ifanane ndi ziwiri zija mukaziphatikiza. Zikasiyana kwambiri, ndiye kuti sikelo imanena zoona pa katundu wopepuka koma imasokonekera ikalemedwa, kapena mosemphanitsa.

Pomaliza, kutentha. Yezani mwala wa makilogalamu asanu m'mamawa kusanatenthe, muuyezenso cha m'ma 2 koloko masana pakhonde. Kuno kuchigwa kuyesa kumeneku sikolumpha, chifukwa nsomba zanu mudzaziyezera m'kutentha komweko. Malire anga ine ndi awa: pa makilogalamu asanu, ndimalola kusiyana kwa magalamu 20 kapena 30, pa makilogalamu khumi, magalamu 50. Kupitirira apo ndimabweza.

Kuyesa sikuthera tsiku logula. Ine ndimapachika mwala wanga usiku uliwonse ndisanapite kumtsinje, ndiponso nthawi iliyonse sikelo ikagwa pansi, ikanyowa, kapena ndikasintha mabatire. Batire likamatha, masikelo ena amayamba kusokoneza manambala chizindikiro cha batire chisanaoneke. Ndi ntchito ya mphindi imodzi.

7. Gulani kapena sokani thumba loyezeramo

Ngowe ya sikelo si yolowetsa m'makha a nsomba, momwe imapumira. Ngati nsombayo ndi ya ndiwo ndipo mwaipha kale, zilibe kanthu. Koma ngati mukufuna kuibwezera m'madzi, kuipachika ndi makha kapena chibwano kumaing'amba, ndipo nsomba yolemera ikalendewera ndi mutu, msana ndi za m'mimba zimavulala. Imasambira n'kuchoka ngati ili bwino, kukafera kutsogolo. Mcheni ndi woopsa pa mbedza koma ndi wosachedwa kufa ukatuluka m'madzi.

Telala aliyense angakusokereni thumba loyezera: nsalu yolimba yosalala, yotalika ngati mita imodzi, yopindidwa ngati machila, zogwirira ziwiri zokumana pakati, ndi timabowo pansi potulukira madzi. Saka ya feteleza yotsukidwa bwino imathandiza pa milamba, koma imakala ndipo imachotsa mamba ndi ulenda wa nsomba zina, ulenda umene umaziteteza ku matenda.

Kulakwitsa kofala ndi uku: munthu amadina TARE thumba lili louma, kenako amalinyowetsa n'kuikamo nsomba. Madzi a m'nsaluyo amawerengedwa ngati nsomba. Nyowetsani kaye, likhetseni, pachikani, dinani TARE, kenako nsomba.

Manja anu muwasamale. Mcheni musauyandikize zala kukamwa, mbedza muichotse ndi pulayala. Nkhonokono ili ndi minga itatu, wa pamsana ndi ya m'mbali, imene imaimika n'kuikhoma, ndipo imabaya ngakhale kudzera m'nsalu. Mlamba nawo uli ndi minga m'mbali. Ndipo mukakola nyesi, nsomba yonenepa yopanda mamba ija imene imagwira ngati magetsi, musaigwire ndi manja onyowa pofuna kuiyeza.

8. Kuyeza muli mu bwato

Sikelo yopachika imafuna kukhala chilili, osagwedezeka, nsomba ili lende osakhudza kanthu. Mu bwato zonsezi ndi zovuta. Bwato likakwera ndi funde nambala imakwera, likatsika imatsika. Mukaimirira kuti thumba lisakhudze pansi, mwaika moyo wanu ndi wa wopalasa pachiswe, m'madzi a ng'ona ndi mvuu. Tsiku lina ndinayamba kudzuka ndi mlamba m'manja, ndipo madala amene ankandipalasa anangoti, "Mwanawe, khala pansi, nambala imeneyo tikaiona kumtunda." Ananena zoona, ndipo kuyambira pamenepo sindiimiriranso.

Nsomba yaing'ono muiyeze mutakhala pansi, pakati pa bwato, zigongono zitatsamira pa mawondo, bwato litalowetsedwa m'mabango kapena pamalo pamene madzi adekha. Gwirani chogwirira, osati thupi la sikelo, chifukwa mukaigwira m'mbali imapendekeka ndipo ngowe imakhuza pakhomo potulukira. Dikirani nsomba idekhe. Kuiphimba maso ndi nsalu yonyowa kumathandiza. Werengani katatu, mutenge nambala ya pakati. Musatenge yaikulu.

Nsomba yoposa makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi, pitani nayo kumtunda. Mkono sungathe kuigwira osanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumaoneka pa kagalasi. Pachikani sikelo pa nthambi yolimba, kapena mangani nsungwi zitatu pamwamba ngati mafuwa, kapena lowetsani mtengo m'chogwirira anthu awiri anyamule pa mapewa. Bungwe la International Game Fish Association, limene limasunga mbiri ya nsomba zazikulu zophedwa ndi mbedza, limafuna kuti nsomba ya mbiri iyezedwe pamtunda, pa sikelo imene yatsimikizidwa m'miyezi 12 yapitayo. Ngati iwo, ndi maboti awo akuluakulu, sakhulupirira nambala ya pamadzi, ife a bwato la mtengo umodzi tisaikhulupirire kwambiri.

Mukafika kumtunda, musayezere m'mphepete mwenimweni mwa madzi mutafulatira mtsinje. Nsomba yophiriphitha ndi fungo la magazi zimaitana ng'ona, ndipo maso anu onse amakhala pa kagalasi. Sunthani mapazi angapo, mmodzi aziyang'ana madzi. Pobwezera nsomba, musamize manja nthawi yaitali pamalo a namasupuni kapena a madzi akuda amene simukuona pansi.

Zonse zikhale zokonzeka nsomba isanatuluke m'madzi: thumba lonyowa, sikelo yoyaka, ziro, foni yojambulira. Kwa nsomba yobwezera, ntchito yonse ithe mphindi imodzi isanakwane. Ya ndiwo nayonso muiyeze pomwepo, chifukwa ikagona mu bwato pa dzuwa tsiku lonse imauma ndi kupepuka, ndipo nambala ya madzulo si ya nsomba imene munakola m'mawa.

9. Ngati mukufuna kugulitsa pa kilogalamu

Kuno nsomba timagulitsa pa mulu kapena poyang'ana ndi maso, koma ena ayamba kufunsa za kugulitsa milamba pa kilogalamu kwa mavenda okwera nayo ku Blantyre. Imeneyi ndi nkhani ina. Sikelo ya malonda iyenera kuyesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo masikelo ambiri a m'manjawa analembedwa kumbuyo kuti si a malonda. Kasikelo kanu kangakuthandizeni kudziwa kulemera kwa katundu wanu musanakumane ndi wogula, kuti asakupusitseni, koma ndalama zisasinthane manja potengera iko.

10. Kasungidwe

Mukafika kunyumba, pukutani ngowe ndi thupi lonse la sikelo ndi nsalu yonyowa pang'ono, chifukwa ulenda wa nsomba ukauma umamata mabatani. Pakani kavaselini pang'ono pa kamphira ka chitseko cha mabatire. Ikagwera m'madzi, musaiyatse kuti muone ngati ikugwira. Chotsani mabatire nthawi yomweyo, siyani chitseko chotsegula, iume pamthunzi podutsa mphepo masiku awiri kapena atatu, kenako muiyese ndi miyala yanu musanaikhulupirirenso.

Musaibwereketse kokayezera matumba a chimanga, thonje kapena mapira. Ndikudziwa kuti kukaniza mnansi ndi kovuta, koma thumba la makilogalamu 50 loponyedwa pa ngowe mwadzidzidzi ndi limene lapha masikelo ambiri a anzanga. Afotokozereni za kachitsulo kaja, ambiri amamva.

Mukaleka kuwedza kwa milungu ingapo, makamaka dzinja mtsinje ukadzadza, chotsani mabatire, chifukwa m'kutentha kwa kuno amatuluka madzi oyera aja amene amadya timawaya. Ife amene tinaona madzi a mu Januwale 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 tili ndi malo apamwamba m'nyumba pamene timasunga ziphaso ndi mapepala ofunika. Sikelo muiike m'botolo lake lija, mabatire padera, ikhale pamenepo.